Mabatire Awiri ndi Nkhope ya Apongozi

Amuna anga anagula mabatire awiri a kamera patatsala zaka zitatu kuti agule kamerayo. Ndikanena zimenezi pagulu amandikonza, amati zinali zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi. Ndi mphunzitsi wa masamu, ndiye musadabwe.

Nthawiyo tinkakhala ku Misuku, m'kanyumba kakuseri kwa chipatala chaching'ono kumene ndinkagwira ntchito ya unamwino. Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ananditumiza ku Chitipa ndili mtsikana, ndinalira njira yonse, ndikulumbira kuti pakatha zaka ziwiri ndibwerera. Zaka ziwirizo zitakwana ndinali nditakwatiwa ndi mwana wa komweko, ndikudya nthochi zophika ngati ndinabadwira m'munda mwake, ndiponso ndikuyankha moni wa "mwaghona" osaluma lilime.

Mapiri ndinawazolowera, matope ndinawazolowera, kuzizira nakonso. Chimodzi chokha ndicho chinandivuta. Banja la amuna anga linkagwiritsa mwambo wakuti mkazi wa mwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Ku Ntcheu nakonso apongozi timawapatsa ulemu, timapatuka m'njira, koma uwu unali ulemu wa mtundu wina. Sukhala nawo m'chipinda chimodzi, suwapatsa madzi pamanja, dzina lawo sulitchula, nkhope yawo suiyang'ana. Mabanja ena anali atayamba kale kufewetsa, lathu ayi. Apongozi aakazi anandikhazika pansi sabata yoyamba n'kundifotokozera zonse m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, pomaliza n'kufunsa kuti, "Mwapulika, mwana wane?" Ndinati ndamva.

Choncho apongozi aamuna ndinawadziwa ndi makutu. Mudzi wawo unali ulendo wa maola awiri wapansi, kutsika phiri lina n'kukwera lina, koma pafupifupi Loweruka lililonse ankabwera ndi mkoko wa nthochi kapena botolo la uchi. Akafika m'malire a bwalo lathu ankatsokomola kawiri, chifuwa chochita kupanga, ine n'kusiya chilichonse chimene ndikuchita kuthawira kuchipinda. Tsiku lina ndinathawa ndi chipande m'manja, ndiwo n'kupserera. Ndili m'chipindamo ndinkamva mawu awo, otsika, osafulumira, akufunsa mwana wawo ngati "a ku Ntcheu" adzuka bwino komanso ngati akuwadyetsa mokwanira. Ndinganame ndikati sindinasuzumirepo. Ndinasuzumira kawiri pazenera iwo akubwerera, ndipo ndinaona chipewa, msana ndi majombo a mphira.

Mwana wathu woyamba anabadwa nyengo ya mvula, ndipo anabwera mokhota. Mnzanga wa pachipatala anati apa pafunika ku boma. Ambulansi inabwera koma inakanika chitunda chomaliza, inaima kumunsi kwa mlatho matayala atamira m'matope. Azibambo anandinyamula pamachira atandifunditsa chitenje mpaka kumutu. Amuna anga anagwira kumbuyo, akuterereka, akupemphera mokweza ngati Mulungu ali kutsidya kwa phiri. Kutsogolo kunali munthu amene sanayankhule kanthu, ankangopuma mwamphamvu. Anthu ankati, tikulandireniko adada, iye osasiya machirawo. Pena chitenje chinatsetserekera pambali, ndipo ndinaona khosi lakumbuyo la imvi, thukuta likusakanikirana ndi mvula. Ndinazindikira kuti ndi apongozi, ndipo chitenjecho ndinachibweza ndekha. Kuyambira tsiku limenelo munthu ameneyu ndinamukonda ngati bambo anga ondibala.

Mwanayo anali wamkazi. Titabwera naye kunyumba, aliyense wodzamuona ankangomuvundukula n'kuseka, amvekere agogo ake enieni. Amayi a kumpingo, odwala a pachipatala, ngakhale wogulitsa tomato, onse mawu amodzimodzi. Zinkandipsetsa mtima. Mwana ndamunyamula ine miyezi isanu ndi inayi, ndatsala pang'ono kufa naye, ndiye akafanane ndi munthu amene Misuku yonse yamuona kupatula ine. Ndinkamuyang'ana akuyamwa n'kumadzifunsa kuti za agogowo ndi ziti, mphuno kapena chipumi chotulukachi. Amuna anga anayesa kundithandiza, anabwereka khadi lovotera la bambo awo mobisa. Pamalo pa nkhope panali kabanga kakuda ngati podinda chala, ndipo ndinawauza kuti kameneko kangafanane ndi aliyense wa m'boma la Chitipa.

Apa m'pamene panabwera nkhani ya kamera. Msuweni wa amuna anga ankapita ku Tunduma, ku Tanzania, kukaoda katundu, ndipo ulendo wina anabwera ndi pepala lonyezimira lochokera m'sitolo ina. Pamenepo panali kamera ya dijito, yosafuna filimu, yokhala ndi kagalasi kumbuyo koonetsa munthu nthawi yomweyo. Amuna anga analiwerenga pepalalo kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anandiyang'ana ngati apeza yankho la samu yovuta. Anati agula kamerayi, akajambula bambo awo, ine ndidzayang'ana pagalasipo mmene ndingafunire. Ndinakafunsa apongozi aakazi ngati mwambo ungalole. Anaganiza kanthawi akusenda nthochi, n'kuti chithunzi si munthu, sichiyang'ana.

Ndalama zimene tinali nazo sizinkakwana kamera. Munthu wina akanangosunga mpaka zikwane. Amuna anga anakhala pansi n'kulingalira kuti kwathu kulibe magetsi, kokatchaja n'kutali, ndiye kamera yopanda mabatire apadera ndi chidole chabe. Komanso pepala lija linati batire lapadera limagulitsidwa palokha, ndipo iwo anaopa kuti tsiku logula kamera mabatire adzakhala atatha. Anamutuma msuweni uja, ulendo wotsatira n'kubwera ndi timabatire tiwiri takuda, tamakona anayi, ngati tizidutswa ta sopo. Ndinawauza kuti akuluakulu amaletsa kugula mbereko mwana asanabadwe. Anandiyankha kuti akuluakuluwo sanakhaleko ku Misuku. Mabatirewo anawakulunga musokosi yatsopano n'kuwaika m'chitini chimodzi ndi masatifiketi awo.

Patapita miyezi ndalama zinakwana. Tsiku lomutuma msuweni linafika, koma iye anabwera ndi nkhani imene inatisokonezera zonse. Anati mtengo wa kamera ija watsika.

Kuti mumvetse zimene zinawachitikira amuna anga, kumbukirani dziko limene tikukhalali. Chibadwire chawo anali asanaonepo chinthu cha m'sitolo chikutsika mtengo. Shuga amakwera, sopo amakwera, feteleza amachita kuuluka. Chotsika chinali chimodzi chokha, khofi wa bambo awo nthawi yogulitsa. Ndiye kumva kuti kuli chinthu chimene ukachisiya chimatsika chokha, anasangalala ngati wamva kuti mtsinje wayamba kukwera phiri. Anati ngati watsika kamodzi atsikanso, tidikire mwezi umodzi. Mwezi utatha unatsikadi. Basi, matenda anawalowa.

Msuweni akangofika kuchokera ku Tunduma, amuna anga ankamuchingamira asanatsitse n'komwe katundu. Iye nayenso anazolowera, ankakuwa ali patali mawu a Chiswahili akuti "bei imeshuka", kutanthauza kuti mtengo watsikanso. Amuna anga ankabwera kunyumba akumwetulira, n'kundiuza kuti lero tapindula. Ndikafunsa kuti phindulo lili kuti ndikagulire mafuta ophikira, ankati ine vuto langa n'losamvetsa masamu. Anawerengetsa ngakhale ana a sukulu samu ya kamera imeneyi. Ndinazindikira mochedwa kuti chimene ankakonda sichinalinso kamera, koma kutsikako, ndipo kugula kukanathetsa chisangalalo chawo.

Panali munthu wojambula zithunzi amene ankazungulira m'mipingo Lamlungu, wa kamera ya filimu, zithunzi n'kumabwera patatha mwezi kuchokera ku Karonga. Ndinapempha kuti timutume kumudzi. Amuna anga anati n'kutaya ndalama, yathu ili m'njira. Ndinadutsira kwa apongozi aakazi, koma kumeneko ndinapeza zitaipa kale. Amuna anga anali atadzitama kwa bambo awo mokwanira, moti akuluwo ananena kuti sangakhale pamaso pa kamera ya mlendo pamene mwana wawo akubweretsa yake ya ku Tanzania. Nawonso anali munthu wa khofi, wozolowera kubzala lero n'kudzathyola patatha zaka. Bambo ndi mwana anagwirizana kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ndinadana nawo kufikira lero.

Mwana anamera mano, anakwawa, anayenda, anayamba kuyankhula zilankhulo zitatu nthawi imodzi. Iye ankathamangira agogo ake akangotsokomola, n'kumawakoka ndevu, ine ndili kuchipinda. Kamodzi pamwezi amuna anga ankatsegula chitini, n'kutulutsa mabatire, kuwapukuta, kuwabwezera.

Chaka chachitatu, nyengo yozizira, Loweruka linadutsa popanda chifuwa cha pabwalo. Lotsatira chimodzimodzi. Apongozi anali atagwidwa ndi chibayo. Namwino wa m'banjamo ndinali ine, koma sindikanatha kukawaika chomvera pachifuwa. Ndinkafunsa amuna anga kuti akupuma bwanji, milomo yawo ikuoneka bwanji, iwo n'kumandiyankha ngati mwana wosawerenga pa mayeso. Mnzanga wa pachipatala ndiye anapita, ine ndinangolongedza mankhwala. Anachira, koma Loweruka limene anabweranso chifuwa chawo sichinali chopanga, ndipo mkoko wa nthochi anali atachita kunyamulitsa.

Madzulo a tsiku limenelo amuna anga anabwera ndi nkhani ija, yakuti mtengo watsikanso. Sindinaseke. Ndinaika mbale pansi n'kunena kuti, "Abambo, inu dikirani. Koma dziwani kuti ine bambo anuwa ndidzawaona koyamba ali m'bokosi, ngati n'komwe adzandilole." Mawuwo anatuluka oipa kuposa mmene ndinkafunira, ndipo ndinalira. Sukulu itangotsekera, ananyamuka okha kupita ku Tunduma.

Mabatire sanawatenge, anati angawabere m'njira. Atafika m'sitolo anauzidwa kuti kamera ya papepala ija inasiya kubwera kalekale, mtengo umene msuweni ankanena unali wa mng'ono wa kamerayo, yaing'ono, yopepuka, yabwino kuposa yoyambayo. Dzina la kampani linali lomwelo, ndiye amuna anga sanafunse zambiri. Wogulitsa anawatchajira batire la m'kati n'kuwaonetsa podina.

Anafika kunyumba Lachinayi, ndipo kamera inali itagwira kale ntchito. Munali lole imene anakwera, dalaivala wake, mlatho, ng'ombe za eni ake, ndi chala chawo chachikulu kasanu. Lachisanu anajambula ine, mwana, aphunzitsi anzawo, nkhuku, odwala onse amene anali pamzere. Aliyense ankafuna kudziona pagalasi, wina n'kuitana mnzake kuti naye adzaone. Ndinawachenjeza kuti kabokosi koonetsa mphamvu ya batire, kapakona pa kagalasiko, kakuchepa. Anagunda thumba la malaya mmene munali sokosi ija n'kuti munthu wokonzeka sada nkhawa.

Loweruka tinalawirira kupita kumudzi. Ine ndinalowera njira ya kuseri monga mwa masiku onse, n'kukakhala paseri pa khitchini, pamene ndinkamva zonse koma osaona bwalo. Apongozi aakazi ankabwera n'kumandinong'oneza nkhani. Akuluwo asamba kawiri. Avala jekete la ukwati wa mwana wawo. Akana kujambulidwa ndi chipewa, kenako avomera, kenako akananso. Mpando autulutsa, auika padzuwa pafupi ndi mitengo ya khofi kuti nayo ioneke. Achibale anadzaza bwalo.

Ndinamva amuna anga akulamula anthu kuti asunthe, akuuza bambo awo kuti akweze chibwano. Kenako kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati kamwana ka nkhuku, ndipo bwalo linati zii. Batire linali litatha. Amuna anga anaseka mokweza, n'kulengeza kuti izi anaziona kale zaka zitatu zapitazo. Ndinamva akumasula sokosi. Panadutsa nthawi. Ndinamva wina akuti tembenuzani. Wina anati yesani linalo. Wina anati kankhani ndi mphamvu. Apongozi aakazi anabwera atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, n'kundiuza kuti mabatire aja ndi aakulu, pakhomo pa kamera sakulowa ngakhale mutu.

Ndikanakhala munthu wabwino ndikanawamvera chisoni amuna anga. Ndinaluma chitenje kuti kuseka kwanga kusamveke, koma kusekako kunasanduka kulira ndisanadziwe. Tchaja inali kunyumba, magetsi ake anali kwa ometa pamsika, ndipo ndinkadziwa mmene zinthu zimayendera m'banja limeneli. Sabata yamawa ikanasanduka mwezi wamawa.

Pabwalo malangizo anali ambiri. Amalume ena anati batire lakufalo alilume pang'ono, monga timachitira ndi a wailesi. Ena anati alipake pantchafu litenthe. Kenako ndinamva mawu otsika aja.

"Batire likafa timayanika padzuwa," anatero apongozi. "Kapite nalo pathanthwe la kumtunda, ndi pamene pamatentha bwino. Nonse mupite mukamuthandize mphunzitsiyu. Navuka ine, ndatopa, ndikufuna kugona pompano. Ndikagona sindimva kanthu, sindiona kanthu. Wina asandidzutse."

Amuna anga anayamba kufotokoza kuti batire la mtundu uwu silimva dzuwa, koma amayi awo anawadula, n'kuyamba kukusa anthu ngati nkhuku. Ndinamva mapazi akukwera njira ya kuthanthwe, mawu akuchepa, mpaka kunatsala kulira kwa njiwa basi. Apongozi aakazi anadutsa pamene ndinakhala, mdzukulu wawo ali kumsana. Sanaime, sanandiyang'ane. Anangonena akuyang'ana kutsogolo kuti, "Ise tichedwako."

Kenako mkonono unayamba. Pantchito yanga ndamva mikonono yambiri, koma wabodza ngati umenewu sindinaumvepo. Unkakwera, n'kutsika, n'kuimba mluzu pamapeto.

Sindinadzuke msanga. Zaka zonsezo ndinali nditaphunzitsa thupi langa kuthawa munthu ameneyu, ndiye silinkadziwa njira yopitira kwa iye. Ndinadziuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinaimirira, ndinazungulira khitchini, n'kugwada patali pang'ono ndi mpando, maso ali pansi. Ndinayambira pa nsapato, zakuda, zopukutidwa bwino. Ndinakwera ndi thalauza, manja aakulu atagwira mawondo, jekete limene linali litawakulira. Kenako ndinakweza mutu.

Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Mawu aja, ndi mphamvu zija za pamachira, ndinkayembekeza nkhope yaikulu yoopsa. Ndinapeza nkhope yowonda, yoyera ndevu, masaya atalowa ndi matenda, kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Chipumi chinali cha mwana wanga, inde, ndi makutu otuluka aja amene ndinkawanamizira a kwathu ku Ntcheu. Zikope zinkanjenjemera chifukwa chotsinzina mwamphamvu. Pakona pa mlomo pankagwedezeka, munthu akulimbana ndi kuseka pakati pa mkonono wake womwe.

Ntchentche inatera pamphuno pawo. Inayenda pang'onopang'ono kutsika, inaima pa mlomo wapamwamba, inapukuta manja ake, inalowera kumphuno. Ndinaona minofu ya nkhope yonse ikukokana, zala zikufinya mawondo. Sanasunthe. Munthu wamkulu, mwini mudzi wake, wodwala dzulodzulo, atakhala padzuwa mujekete lotentha, ntchentche ikumuyenda pamlomo, kuti mwana wa eni ake wochokera ku Ntcheu amuyang'ane mpaka akhute. Ndinayang'ana ndithu, misozi ikutsika, osaipukuta kuopa kutaya nthawi.

Nditakhuta ndinawomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, n'kunena chapansipansi mawu othokoza a kwawoko, amodzi mwa oyamba amene ndinaphunzira. "Ndagha, adada."

Mkonono unadukiza pang'ono, n'kupitiriza mwamphamvu kuposa kale. Ndinabwerera chafutambuyo, n'kukhota pakona pa khitchini. Ndisanakhale n'komwe pansi ndinamva mbama, phaa, ndi mawu otsika aja akuitukwana ntchentcheyo m'chilankhulo chawo. Kenako anamina, nthawi yaitali, ndipo kuminako sikunali kwa chimfine.